Mlendo Agona Kuti? Mbiri ya Zigono ku Mchinji ndi ku Japan

Boma la Mchinji lili kumadzulo kwa dziko la Malawi, pamene malire a maiko atatu ayandikana. Kumadzulo kwake kuli Zambia, kumwera kuli Mozambique. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma pali mtunda wa makilomita 110, ndipo kuchokera pa boma kufika pa malire pali makilomita 12 okha. Chifukwa cha ichi dera la Mchinji lakhala njira ya anthu kuyambira kale lomwe. Amalonda, ankhondo, amtengatenga, ofuna ntchito ndi othawa nkhondo, onsewa anapondamo. Ndipo aliyense wa iwo, dzuwa likapendeka, anali ndi funso limodzi mumtima mwake: "Kodi lero ndigona kuti?"

Yankho la funso limeneli lakhala likusintha. Poyamba mlendo anali kugona m'mudzi osalipira kanthu. Pambuyo pake kunadza misasa ya olemba anthu ntchito ndi nyumba za Boma. Lero kuli nyumba zolipira. Kutali kum'mawa, pa zisumbu za Japan, zinthu zinasintha chimodzimodzi, koma anthu a kumeneko anachita chinthu chofunika kuchilingalira. Pofika masiku a ndalama sanataye mwambo wao wolandirira mlendo, koma analowa nao m'nyumba zolipirazo. Nyumba zotere amazitcha ryokan. Mbiri ya mbali ziwirizi ikaikidwa pamodzi imaonetsa chimene chimatayika, ndi chimene chingathe kusungika, pamene chigono chisanduka malonda.

CHIGONO CHA MASIKU AKALE

Kale m'midzi ya Achewa munalibe nyumba yomangidwira alendo okha. Ulendo unali wapansi, ndipo kutalika kwake anali kukuwerenga ndi zigono, ndiwo malo amene munthu agona panjira. Wina akanena kuti kwakuti-kwakuti kuli zigono zitatu, womva anali kudziwa kamba woti atenge: ufa pang'ono, mtedza ndi chimanga chokazinga.

Wapaulendo akafika pamudzi wachilendo sanali kungolowa m'nyumba iliyonse. Anali kutula katundu wake pabwalo kapena patsinde pa mtengo, nakhala pansi. Womuona anali kukauza nyakwawa kapena mfumu. Atapuma ndi kumwa madzi, ndipo pamadza malonje. Pa malonjepo mlendo anali kufotokoza kumene wachokera, mfumu ya kwao, mfunda wake, kumene akupita ndi zimene waona m'njira. Mfunda unali wothandiza kwambiri. Wapaulendo amene anali Phiri akapeza a Phiri anzake, kapena Banda akapeza a Banda, pomwepo chilendo chinali kutha, nayesedwa mbale.

Malonje anali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba inali kumva nkhani. Popeza kunalibe makalata, mlendo ndiye anali kudziwitsa mudzi za maliro, za njala, za dzombe ndi za nkhondo za kutali. Yachiwiri inali kutchinjiriza mudzi. Munthu wonena bwino-bwino za kwao anali kukhulupirika, koma wozemba mafunso anali kuyang'anidwa ndi diso lina. Mfumu ikamlandira, moyo wa mlendoyo unali m'manja mwake, ndipo akaona zovuta m'mudzimo mlandu unali wa mfumu.

Malonje akatha anali kumuonetsa pogona. Mwamuna anali kugona kumphala pamodzi ndi anyamata, ndipo mkazi anali kugona kukuka kwa mayi wachikulire pamodzi ndi atsikana. Mlendo wolemekezeka anali kumsiyira nyumba yonse. Amayi anali kumtenthetsera madzi osamba, kumuyalira mphasa yabwino ndi kumphikira nsima. Pakhomo pakakhala nkhuku, imodzi inali kufa tsiku limenelo, ndipo nthutumba inali kupezeka m'mbale ya mlendo. Pompatsa thobwa kapena mowa, mwini nyumba anali kuyamba walawa pamaso pake, kuti mlendo amwe wopanda mantha. M'mawa anali kumperekeza kufikira pa mphambano kapena pa mtsinje, ndi kumlozera njira ya ku chigono china.

Akulu anali kunena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Motero kummana kunali kupusa, pakuti mawa lomwe achoka, nakalengeza kutali za mudziwo. Analinso kunena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndiye kuti wochokera kwina angathe kumasula chimene chakanika eni mudzi. Koma mlendo nayenso anali ndi malamulo ake. Sanali kuyendayenda kumanda kapena kudambwe, sanali kulowerera milandu ya eni ake asanamuitane, ndipo akakhalitsa anali kugwira nao khasu. Panalibe kulipira, komabe sikunali kutaya. Kupatsa ndi kuika: wolandira lero ndiye anali wapaulendo wa mawa.

ALENDO OCHOKERA KUTALI

Mwambo umenewu unali wokwanira munthu mmodzi kapena atatu. Koma kunayamba kufika maulendo a anthu mazana-mazana. M'chaka cha 1798 Mpwitikizi wina, Francisco de Lacerda, ananyamuka ku Tete kunka kwa Kazembe, kufupi ndi nyanja ya Mweru. M'chaka cha 1831 José Monteiro ndi António Gamitto anatsata njira yomweyo. Maulendo onse awiri anadzera m'dziko la Achewa, m'mene Mkanda anali mfumu yomveka. Masiku amenewo dziko la Mkanda linali mbali zonse ziwiri za malire a lero. Khamu lotere silikadakwana m'mphala. Anthuwo anali kumanga misasa kunja kwa mudzi, kugula chakudya ndi nsalu ndi mikanda, ndi kutumiza mphatso kwa mfumu kuti iwatsegulire njira. Apa ndi pamene chigono chinayamba kununkhira malonda.

Kenaka kunadza Angoni. Iwo anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 ndi mfumu yao Zwangendaba, ndipo cha m'ma 1870 mwana wake Mpezeni anakhazikika m'dziko la Mkanda. Mafumu a Chingoni a ku Mchinji, monga Zulu ndi Mlonyeni, ndi a mbali ya Mpezeni yemweyo. M'zaka za nkhondozo midzi yambiri inamanga malinga, ndipo munthu wosadziwika wofika madzulo anali kuyesedwa mzondi. Kugona panjira kunavuta.

Mpezeni mwini wake analandira mlendo amene anasintha mbiri ya dera lonse. Cha m'ma 1885 kunafika Mjeremani wina wochita malonda a minyanga, dzina lake Carl Wiese. Mfumu inamlandira, ndipo iye anakhala pakati pa Angoni zaka zingapo. Pofika 1891 Wiese anali ndi pepala lonena kuti mfumu yampatsa mphamvu pa dziko lalikulu ndithu. Pepalalo linagulitsidwa, ndipo linabala kampani ya North Charterland, imene inatumiza Azungu kudzafuna golide. Mkangano unakula kufikira mu January 1898, pamene asilikali ochokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoni ndi mfuti zazikulu. Angoni anagonja, ng'ombe zao zambiri zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondo, anaomberedwa.

M'masiku a nkhondoyo asilikali anamanga linga m'dera la Mchinji, nalitcha Fort Manning, potengera dzina la mkulu wao William Manning, amene pambuyo pake anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland. M'linga limenelo ndi m'mene anasunga Mpezeni ngati wandende kwa nthawi ya ngati chaka chimodzi. Anambwezera kwao, namwalira m'chaka cha 1900. Nkhani imeneyi inaphunzitsa anthu kuti si mlendo aliyense ali mame. Wina akagona sachokanso.

MASIKU A MSONKHO

Nkhondo itatha kunadza msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama. Ndalamazo zinali kupezeka kutali. Tsidya lina la malire kunamangidwa Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Kwa zaka zambiri katundu ndi makalata a kumeneko anali kudzera ku Nyasaland, atasenzedwa pamutu ndi amtengatenga. Munthu wosenza katundu anali kutha masiku anayi kapena asanu kuchokera ku Lilongwe kufika ku Fort Manning.

Ena anapita kutali koposa, ku migodi ndi ku minda ya ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg. Bungwe limene Boma linaika m'chaka cha 1935 kuti lifufuze za nkhaniyi linapeza kuti anthu a ku Nyasaland okhala kunja anali ngati 120,000. Ambiri anali kupita wapansi, kudzera m'dziko la Apwitikizi, ena naoloka Zambezi pa Tete, ena pa Feira. Ulendo unali wa milungu ingapo. Midzi ya m'mbali mwa njira inatopa, pakuti alendo anali kufika tsiku ndi tsiku, ndipo nkhokwe ya banja limodzi siikadadyetsa onsewo. Choncho apaulendo anayamba kuyenda m'magulu, kugula ufa ndi ndalama kapena kuugwirira ganyu, ndi kugona m'misasa atasonkha moto waukulu.

Motowo sunali wa kuzizira kokha. Cha m'ma 1930 mkango umodzi unapha anthu oposa 30 m'dera la Fort Manning pa miyezi isanu. Munthu wosowa pogona masiku amenewo moyo wake unali pa ngozi yeniyeni.

Olemba anthu ntchito anaona kuti chigono ndi nyambo yabwino. M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa magalimoto onyamula ofuna ntchito osalipiritsa, pamodzi ndi misasa yogonamo ndi chakudya panjira. Anthu anazitcha Ulere. Analiponso Mthandizi, wolemba anthu opita ku Southern Rhodesia, ndi Wenela, wolemba opita ku migodi ya ku South Africa. M'misasa yao munthu anali kupeza denga, nsima ndi nyemba. Koma m'malo mwa malonje munali kaundula ndi chidindo cha chala. Wofunsa sanali kufuna kudziwa mfunda wa munthu, koma mphamvu za thupi lake.

Boma nalonso linamanga nyumba zopumuliramo pa maboma ndi m'misewu ikulu-ikulu. Zabwino, zokhala ndi kama ndi wophika, zinali za Azungu. Bwana D.C. akamayendera midzi anali kugona m'hema kapena m'nyumba yomkonzeratu, ndipo anthu a pamudzi anali kubweretsa nkhuni, madzi, mazira ndi nkhuku. Anthu akuda anali ndi nyumba zao zapadera, kawiri-kawiri chipinda chopanda kanthu, m'mene munthu anali kuyala mphasa yake ndi kudziphikira yekha. Ena anali kupempha malo pa mishoni, monga pa Kachebere, pamene Ambuye a White Fathers anafika m'chaka cha 1903. Chotero pogona panayamba kusiyana monga mwa khungu ndi udindo wa munthu.

M'MENE ZINAYAMBIRA KU JAPAN

Tsono nkhani itembenukire ku Japan, kumene msonkho ndi lamulo la olamulira zinatulutsanso anthu m'midzi yao ndi kuwaika pamseu. M'chaka cha 710 likulu la dzikolo linaikidwa ku Nara. Alimi anali kusenza msonkho wao wa nsalu ndi zinthu zina kupita nao ku likulu, ndipo pobwerera ambiri anali kufa ndi njala m'njira. Wansembe wina wa chipembedzo cha Buddha, dzina lake Gyoki, amene anamwalira m'chaka cha 749, anamanga milatho ndi nyumba zaulere zogonamo anthu otere. Nyumbazo anali kuzitcha fuseya.

Dziko la Japan lili ndi mapiri ambiri a moto, ndipo chifukwa cha ichi lili ndi akasupe ambiri a madzi otentha, onga a ku Mawira ku Nkhotakota. Anthu odwala anali kupita kukasamba kumeneko, ndipo pambali pa akasupewo panamangidwa nyumba zogona. Ina mwa izo, Nishiyama Onsen Keiunkan ya m'chigawo cha Yamanashi, mbiri yake imati inayamba m'chaka cha 705, ndipo imawerengedwa kuti ndiyo nyumba ya alendo yakale koposa zonse pa dziko lapansi. Ina, Hoshi ya m'chigawo cha Ishikawa, inayamba m'chaka cha 718.

Koma nyumba za alendo zinachuluka kwenikweni m'nthawi ya banja la Tokugawa, limene linalamulira kuyambira 1603 kufikira 1868. Likulu lao linali Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo. Mseu waukulu wotchedwa Tokaido unali kulumikiza Edo ndi Kyoto, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 500, ulendo wa ngati milungu iwiri wapansi. Pamseupo panaikidwa zigono 53. M'chaka cha 1635 kunatuluka lamulo lakuti mafumu a zigawo, amene anali oposa 200, azikhala chaka china ku Edo, chaka china kwao, akazi ndi ana ao atatsala ku Edo ngati chikole. Mfumu iliyonse inali kuyenda ndi anthu mazana, ina ndi oposa 1,000, ndipo onsewo anali kufuna pogona.

Pa chigono chilichonse panali nyumba za mitundu itatu. Honjin inali ya mafumu ndi akulu a boma okha. Hatago inali ya anthu wamba okhala ndi ndalama, ndipo inali kupereka chakudya chamadzulo ndi cham'mawa. Kichin-yado inali ya osauka. Dzinali litanthauza nyumba ya mtengo wa nkhuni, pakuti mlendo anali kubwera ndi mpunga wake, nalipira nkhuni zophikira. Panalinso zipata zofufuzira apaulendo, monga cha pa Hakone chimene chinaikidwa m'chaka cha 1619, pamene munthu anali kuonetsa chiphaso. Wodziwa za Fort Manning sangadabwe nazo izi: nyumba ya mabwana, chipinda cha osauka, ndi chitupa pa malire.

Masiku amenewo anatha pamene kunadza sitima ya pamtunda. Njanji yoyamba inatsegulidwa m'chaka cha 1872, ndipo pofika 1889 inalumikiza Tokyo ndi Kobe. Ulendo wa milungu iwiri unasanduka wa tsiku limodzi. Zigono zambiri za pamseu zinafa. Nyumba zimene zinapulumuka ndi zija zinasamukira pafupi ndi masiteshoni, ndi zija zinali pa akasupe otentha ndi pa malo opembedzera. Zimenezi ndizo zinakhala ryokan za lero.

USIKU UMODZI M'NYUMBA YA RYOKAN

Mlendo amafika masana dzuwa litapendeka. Pakhomo amlandira ndi kuwerama, pakuti kumeneko ulemu amauonetsa ndi kuweramitsa mutu ndi msana. Woyang'anira nyumba kawiri-kawiri amakhala mayi, amene amamtcha okami, ndipo udindowo umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi kapena kwa mpongozi wake. Mlendo amavula nsapato pakhomo pomwepo, nalemba m'buku dzina lake ndi kumene achokera. Lamulo la m'chaka cha 1948 limafuna kuti bukulo likhalepo, ndipo limaletsanso mwini nyumba kukana mlendo popanda chifukwa chomveka.

Wantchito wamkazi, wotchedwa nakai, amamtsogolera ku chipinda chake ndi kumpatsa tiyi. M'chipindamo mulibe kama. Pansi ponse payalidwa mphasa zochindikala zotchedwa tatami, zolukidwa ndi udzu wa m'madambo wonga mlulu, ndipo kukula kwa chipinda amakuwerenga ndi mphasazo. Pa tatami saponda ndi nsapato ya mtundu uliwonse. Pakati pamakhala tebulo lalifupi, ndipo anthu amakhala pansi pa mitsamiro. Zitseko ndi za matabwa opepuka ndi pepala, zotsegula mokankhira kumbali.

Mlendo amavula zovala za paulendo, navala mkanjo wa thonje wotchedwa yukata, umene nyumbayo imabwereka aliyense. Povala, mbali ya kumanzere imakhala pamwamba, chifukwa kuika ya kumanja pamwamba ndi kavekedwe ka maliro. Ndi mkanjo umenewu wolemera ndi wantchito wamba amaoneka chimodzimodzi. Kenaka amapita kukasamba. Amuna ali ndi kwao, akazi kwao. Munthu amayamba wasamba ndi sopo atakhala pa kampando, nadzitsuka bwino-bwino, ndipo akayera ndi pamene amalowa m'thamanda la madzi otentha pamodzi ndi anzake. Kulowamo ndi litsiro kapena ndi sopo ndi mwano waukulu, popeza madziwo ndi a onse.

Chakudya chamadzulo chimabwera m'timbale tambiri: nsomba, ndiwo zamasamba, msuzi ndi mpunga. Wophika amasankha zimene zikupezeka m'deralo pa nyengo imeneyo, kuti mlendo alawe dziko limene wafikamo. Mtengo wa chipinda amauwerenga pa munthu mmodzi, ndipo chakudya chamadzulo ndi cham'mawa chimakhala momwemo. Akatha kudya, wantchito amasuntha tebulo, natulutsa matiresi ndi zofunda zotchedwa futon, naziyala pamphasa. M'mawa, mlendo akadya ndi kulipira, amapeza nsapato zake zitaikidwa pakhomo moyang'ana kunja. Eni nyumba amatuluka naye, naima panja akuwerama kufikira atabisika.

Munthu wa ku Mchinji akamva izi azindikira zambiri. Kufunsa kumene mlendo achokera, madzi otentha, mphasa yabwino, chakudya cha pakhomo ndi kuperekeza, zonsezi agogo a ku Mkanda ndi a kwa Mavwere anali kuzichita. Kusiyana kwake ndi kwakuti ku Japan zinalowa m'nyumba ya malonda, ndipo antchito amaziphunzira monga luso.

Komabe ryokan nazo zili pa mavuto. Cha m'ma 1980 zinalipo zoposa 80,000, koma pofika 2017 zinatsala zosakwana 40,000. Anthu ambiri amakonda mahotela otsika mtengo, ndipo ana a eni nyumba amapita ku mizinda osafuna kulowa ntchito ya makolo. Ngakhale Keiunkan, imene inakhala m'banja limodzi mibadwo 52, inaperekedwa kwa munthu wa kunja kwa banjalo m'chaka cha 2017.

MCHINJI M'MASIKU A UFULU

Malawi atalandira ufulu m'chaka cha 1964, dzina la Fort Manning linachotsedwa, ndipo boma linatchedwa Mchinji. Kusankhana mitundu pa malo ogona kunatha. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu opita ku migodi. Kulembako kunayambanso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la Theba, koma kunatheratu m'chaka cha 1988. Njanji inafika ku Mchinji m'chaka cha 1980, ndipo inalumikizidwa ndi Chipata m'chaka cha 2010. Mu December 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, pamene wapaulendo amaonetsa zikalata zake pa malo amodzi m'malo mwa awiri.

Monga sitima inachitira ndi zigono za Tokaido, mseu wa tala unachita ndi zigono za pakati pa Lilongwe ndi malire. Ulendo wa masiku anayi unasanduka wa maola awiri, ndipo munthu amangodutsa pa Namitete, pa Waliranji ndi pa Kamwendo ali pampando. Amene amagona ku Mchinji masiku ano ndi oyendetsa magalimoto a katundu, ogula mtedza, soya ndi chimanga pa nyengo yokolola, antchito a boma ndi obwera ku misonkhano. Iwowa amagona m'maresitihausi ndi m'maloji, kumene munthu amalipira, nalandira kiyi.

Mwambo wakale sunafe konse. Unaonekera poyera pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira 1986 anthu anathawira ku Malawi mwaunyinji, kufikira anaposa 1,000,000, ndipo Mchinji linali limodzi mwa maboma amene anawalandira. Ambiri anali Achewa ndi Angoni, a mifunda yomweyo. Mafumu anawapatsa malo omanga, ndipo eni midzi anagawana nao madzi ndi nkhuni, ngakhale mitengo inatha ndi minda inachepa. Mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992, alendowo anayamba kubwerera kwao, ndipo pofika 1995 ambiri anali atapita.

Malonje naonso akali ndi ntchito. Dera la m'malire limakopa anthu ozembetsa ana ndi achinyamata kupita nao ku minda ya kutali. M'chaka cha 2015 Malawi anakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu. Koma lamulo lili ku boma, pamene mlendo amagona m'mudzi kapena m'resitihausi. Mfumu imene imafunsa kuti mlendo wadza ndi ana a yani, ndi mwini nyumba amene amalemba alendo ake moona, ndiwo angathe kuona choipa chisanachitike.

CHIMENE CHINGASUNGIKE

Mbali ziwirizi iliyonse ili ndi chimene inzake ilibe. Ryokan inasunga ulemu wonse wa makolo, koma yambiri ndi yokwera mtengo, ndipo wosauka safikako. Mudzi wa Chichewa unalibe zokongola zotere, koma sunali kubweza munthu chifukwa chosowa ndalama. Choopsa ndi chakuti dera lingataye zonse ziwiri: m'mudzi anthu aleke kulandira wosadziwika, ndipo m'nyumba yolipira mlendo angoponyeredwa kiyi osamuyang'ana kumaso.

Masiku a mphala ndi kuka sangabwerenso monga analili. Pa kalembera wa 2018 boma la Mchinji linali ndi anthu oposa 600,000, ndipo palibe mudzi ungadyetse aliyense wodutsa pamseu. Mwini resitihausi ayenera kulipiritsa kuti alipire antchito ake. Koma mbiri ya Japan ionetsa kuti kulipiritsa sikuletsa ulemu. Kulonjera mlendo ndi kumfunsa za ulendo wake, kumtenthetsera madzi, kumuyalira zofunda zochapa, kumphikira chakudya cha m'deralo monga nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, ndi kumperekeza pakhomo m'mawa, zonsezi sizifuna chuma chambiri. Zifuna kuti wamkulu aphunzitse wamng'ono, monga okami aphunzitsa antchito ake, ndi monga agogo anali kuphunzitsa atsikana kukuka.

Ndipo wofika usiku wopanda ndalama, basi itamsiya kapena atabedwa panjira, akali ndi khomo limene makolo anamsiyira, ndilo la mfumu ya mudzi. Khomo limenelo likhala lotseguka malinga ngati anthu a pamudzi athandiza mfumu yao ndi ufa ndi mphasa, pokumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.